Kuthamanga pa tchuthi chachifupi: treadmill ya kuhotelo, gulu lolipira kapena msewu m'mamawa?

Mukakhala ndi masiku anayi kapena asanu mumzinda wachilendo, musade nkhawa kuti mphamvu zitha. Sabata imodzi sichotsa zomwe mwamanga miyezi yonseyi. Chomwe chimasokoneza tchuthi ndi kutopa, chifukwa tsiku lokaona malo mumaima nthawi yaitali, kukwera masitepe ndi kuyenda mwina makilomita 10 osazindikira n'komwe. Makilomita 5 mpaka 8 opepuka, kawiri kapena katatu, akwana. Funso n'lakuti muwathamangire kuti.

Treadmill (makina othamangirapo muli pamalo amodzi) ya kuhotelo ine ndilibe nayo mawu abwino. Pachithunzi jimu imaoneka yotakasuka, koma mukafika mumapeza kachipinda kopanda zenera, makina awiri, ena atamatidwa pepala loti awonongeka. Mulibe mphepo youmitsa thukuta, ndiye pakangotha mphindi 15 malaya ali chuu, mtima ukugunda kuposa momwe ukanagundira panja pa liwiro lomwelo. Choipa kwambiri, mahotelo ena jimu saiwerengera pa mtengo wa chipinda, mumakaiona pa bilu tsiku lonyamuka. Funsani musanalipire, ndipo mufunsenso nthawi yotsegulira. Jimu yotsegulidwa 8 koloko yakudyerani kale m'mawa wonse.

Onaninso ngati liwiro lalembedwa m'mamailosi kapena m'makilomita. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, kotero mukadina 10 mukuganiza makilomita, lamba akukokani pa makilomita 16 pa ola. Makinawa asiyireni tsiku la chimvula basi.

Gulu lolipira, lija wotsogolera amakuthamangitsani akukuonetsani malo, n'labwino kwa woopa kusochera. Koma mumaima pa chipilala chilichonse kujambula, thupi n'kuzizira, ndipo liwiro limakhala la wochedwetsetsa pagulupo. Ngati Loweruka lili mkati mwa tchuthi, yang'anani kaye ngati pafupi pali parkrun. Ndi kuthamanga kwaulere kwa makilomita 5 komwe kumachitika Loweruka. Inayambira ku Bushy Park ku London mu 2004 ndipo tsopano ili m'mayiko ambiri. Mumalembetsa kamodzi pa intaneti n'kupita ndi barcode yanu (chizindikiro chomwe amakupatsani mukalembetsa), apo ayi nthawi yanu salemba.

Chosankha changa ndi msewu m'mamawa. Malo omwe masana anthu amapanikizana amakhala pululu, ndipo mumaoneratu komwe mudzabwerere ndi anzanu dzuwa likakwera. Pokhapo samalani ndi foni. Mukatsegula mapu pa roaming kunja kwa dziko lanu, ndalama zimatha musanamalize kilomita yachitatu. Koperani mapu a mzindawo pa Wi-Fi usiku, data muzimitse, chifukwa GPS imagwira popanda data. Wotchi yanu ya GPS ilumikizeni ndi foni mukangofika, apo ayi mudzaima pakhomo la hotelo mphindi zingapo ikufunafuna masatelaiti. Pakati pa nyumba zitalizitali GPS imanama mtunda ndi liwiro lomwe, choncho tsatani mtsinje, gombe kapena paki, mupite n'kubwerera njira yomweyo. Dziwaninso mbali yomwe galimoto zimayendera musanawoloke, ndipo khadi la adiresi ya hotelo likhale m'thumba.

Nsapato tengani mapeyala awiri. Mukathamangira imodzi m'mawa n'kuyendera yomweyo tsiku lonse ili yonyowa ndi thukuta, matuza akupezani tchuthi chisanafike pakati.