Mabuku a malangizo a makalikuleta akale a HP: literature.hpcalc.org ndi poyambira pabwino

Kalikuleta yakale yolembamo pulogalamu, ngati HP-41C ya 1979 kapena HP-15C ya 1982, nthawi zambiri imagulidwa yopanda buku lake, ndipo popanda bukulo theka la mabatani ake limangokhala chokongoletsa. Webusaiti ya literature.hpcalc.org yasonkhanitsa mabuku a makalikuleta a kampani ya HP (Hewlett-Packard) ojambulidwa ngati PDF, aulere, ena m'zilankhulo zingapo. Masamba ambiri ndi oyera bwino, zilembo zing'onozing'ono za pa mabatani zimawerengeka osatsinzinira.

Pamene ambiri amaphonya mpakusankha buku. Dzina lofanana silitanthauza makina amodzi. Buku la HP-41C silinena kanthu za wotchi ndi Extended Functions (ntchito zowonjezera) zomwe zili m'kati mwa HP-41CX ya 1983. CX ili ndi mabuku ake awiri, ndipo mumafunika onse. HP-12C ya 1981 imasunga mizere 99 ya pulogalamu ndipo imagwira ntchito mwa RPN basi (kuyamba kulowetsa manambala, chizindikiro cha masamu pambuyo), pomwe 12C Platinum imalolanso kulemba masamu mwa njira wamba. Mwini HP-15C asakhutire ndi Owner's Handbook yokha: zozama za SOLVE (yopezera yankho la equation), ma integral ndi ma matrix zili mu Advanced Functions Handbook. Musanachite dawunilodi, werengani dzina lonse pa makina anu, kenako onani chaka chimene bukulo linasindikizidwa.

Chenjerani ndi mawu amene kompyuta imawerenga yokha kuchokera pa chithunzi cha tsamba mu PDF. Pofufuza liwu amathandiza, koma zizindikiro ngati x⇄y, R↓ ndi √x amazisokoneza. Mukakopera pulogalamu kuchokera pamenepo, ikhoza kuyenda ndithu, koma yankho n'kutuluka lolakwika osakuuzani. Tsatirani manambala a mabatani osindikizidwa pambali pa mzere uliwonse wa pulogalamu. Pa HP-15C, m'nambala ngati 36, chiwerengero choyamba ndi mzere wa mabatani, chachiwiri ndi malo a batanilo pa mzerewo: 36 ndi ENTER, 42 ndi f, 43 ndi g, 44 ndi STO, 45 ndi RCL. Lowani mu pulogalamu, dinani SST (batani lopitira ku mzere wotsatira) mzere ndi mzere, muziyerekeza ndi tsamba.

Ogwiritsa ntchito wand ya HP-41 (kachipangizo konga cholembera kowerenga mapulogalamu olembedwa mu barcode) asindikize masamba a barcode pa kukula kwake kwenikweni, 100%. Pulinta ikachepetsa tsamba, timizere timathinana ndipo wand imalephera kuwerenga.

Chosowa n'choti webusaitiyi ndi ya makalikuleta a HP. Za Texas Instruments pitani ku Datamath Calculator Museum kapena ku Internet Archive. Kwa TI-59 ya 1977 funani buku la Personal Programming pamodzi ndi buku la Master Library. M'buku loyambalo ndimo muli kagawidwe ka memori: ikangoyatsidwa imakhala ndi mizere 480 ndi malo 60 osungira manambala, ndipo kuti mufike pa mizere 960 mumasintha kagawidweko ndi lamulo la Op 17.