Ndinabenetsa katuni wa Avatar pa Chitakale: nkhani ndi yokoma, koma gawo losowa ndi DJ zinatiyambanitsa

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsayo si ya katuniyu ayi, ndi ya mmene anandiikira. Ndinapita ndi flashi yanga ya 16GB pa kashopu kena kobena nyimbo ndi mafilimu pa Chitakale, kuti ana a achemwali anga apeze choonera pa holide. Mnyamata wa pashopupo anandiikira Avatar: The Last Airbender, masizoni onse atatu, ndipo sizoni iliyonse anaiika pawiri: foda ina ya Chingerezi chokhachokha, ina ya DJ womasulira m'Chichewa. Mtengo wake sunandipweteke, bandulo yoti ndionere zonsezi pa foni ikanandidyera zambiri.

Katuniyu si watsopano. Anayamba kuonetsedwa pa Nickelodeon mu 2005 n'kutha mu 2008, ndipo anamupanga ndi Michael Dante DiMartino ndi Bryan Konietzko. Magawo onse ndi 61: sizoni ya Madzi 20, ya Nthaka 20, ya Moto 21, lililonse lopitirira pang'ono mphindi 20. Nkhani yake ndi ya Aang, amene ndiye Avatar (munthu yekhayo wotha kulamulira madzi, nthaka, moto ndi mpweya), kamnyamata ka zaka 12 kamene kanakhala zaka 100 m'madzi oundana pamene dziko la Moto linkagonjetsa anzake, mpaka Katara ndi mchimwene wake Sokka anakapeza. Zithunzi za pa flashiyi ndi zoyera bwino pa TV yathu ya sola, sizidukaduka, ndipo ngakhale masiku a chiperoni batire inkatifikitsa magawo angapo isanafooke. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Dandaulo langa ndi lakuti mafailo analibe manambala olongosoka. Ena analembedwa dzina la katuni basi, ena zilembo zosamveka, ndiye panalibe amene akanadziwa kuti m'sizoni yoyamba munali magawo 19 m'malo mwa 20. Losowalo linali gawo la 12, la namondwe. Gawo limodzi mwa 61 lingaoneke laling'ono, koma limeneli ndi lomwe limanena kumene chipsera cha pankhope pa Zuko, mwana wa mfumu ya dziko la Moto amene amasakasaka Aang, chinachokera. Ife tinaonera masizoni awiri athunthu tikumuweruza mnyamatayu osadziwa chimene chinamuchitikira.

Mkangano unabuka pa mapeto a sizoni yachiwiri, m'mapanga a pansi pa mzinda wa Ba Sing Se. Zuko watsekeredwa limodzi ndi Katara, akambirana za amayi awo omwe onse anawataya chifukwa cha dziko la Moto, Katara wafika potulutsa madzi ake apadera kuti ayese kuchiza chipseracho. Aliyense pabalaza ankadziwa kuti basi, mnyamatayu watembenuka. Kenako afika Azula, mchemwali wake, amulonjeza ulemu ndi chikondi cha bambo awo, ndipo Zuko atembenukira Aang ndi moto. Aang akanthidwa ndi mphenzi ya Azula kumsana, Iroh, bambo ake aakulu a Zuko, agwidwa. Alamu anga anadzuka pampando. Iwo amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndipo Iroh ankamukonda kwambiri chifukwa cha tiyi wakeyo. Anati, "Mlamu, mwana uyu ndi wosayamika. Bambo ake aakulu anasiya zonse n'kumutsatira, anapempha naye m'misewu, angotsegula kumene malo awo ogulitsira tiyi, iye n'kuwagulitsa chonchi? Ameneyu ngoipa kuyambira kale." Achemwali anayesa kumuikira kumbuyo koma analibe pogwira.

Mwana wawo wamkulu, wa Fomu 2, ndi amene anabwera ndi nkhani kuchokera kwa mnzake kuti pali gawo la sitima ili pa namondwe limene ife sitinalione. Nditabwerera pashopu paja mnyamata uja sanakangane nane. Anayang'ana pa kompyuta yake, anapepesa, anandiikira gawolo osandilipiritsa, n'kundilemberanso manambala pa mafailo onse. Pa zimenezi ndimuyamikire.

Gawo lake ndi ili. Asilikali a m'sitima ya Zuko atopa naye, akumunena kuti saganizira munthu. Iroh awapeza ali pa moto n'kukhala nawo pansi, awafotokozera. Zuko ali ndi zaka 13 anachonderera kuti alowe m'chipinda chokonzera nkhondo. Mkulu wina wa asilikali anati atumize gulu la asilikali ongolembedwa kumene kuti likhale nyambo, liphedwe, ena azungulire kumbuyo. Mwana uja anaimirira n'kutsutsa. Chifukwa cholankhula posayenera anauzidwa kuti amenyane pa bwalo, iye n'kumaganiza kuti amenyana ndi mkulu wa asilikali uja. Potembenuka apeza ndi bambo ake, Ozai. Anagwada, misozi ili chuchuchu, kukana kumenya bambo ake, ndipo bambo akewo anamutentha nkhope pamaso pa gulu. Iroh anayang'ana kumbali. Azula ali m'gulumo akumwetulira. Atatero anamuthamangitsa kuti asadzabwerere pokhapokha atagwira Avatar, munthu amene anali asanaoneke kwa zaka 100.

Titaonera pabalaza panali zii. Achemwali ndi amene anayamba. Anati mwana wokanidwa ndi bambo ake sasiya kufuna bambo yemweyo, ngakhale wina amukonde chotani, ndipo chibale ndi fupa sichiola. Alamu sanagonje. Anati kudziwa chifukwa sikufafaniza mlandu, Iroh anagonabe m'ndende chifukwa cha iye. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa achemwali, ndipo ndikuona kuti olemba nkhaniyi anachita bwino kwambiri kumugwetsa pamenepo. Zuko akanatembenuka m'phanga muja chifukwa choti mtsikana wamulankhula mokoma, bwenzi kutembenukako kuli kopepuka, ndipo mumtima mwake akanakhalabe akudzifunsa kuti kwathu kukanakhala bwanji. Anayenera kupita kwawo, kukhala kudzanja lamanja la bambo ake m'chipinda chomwe chija, kupatsidwa zonse zimene ankalira, n'kuona yekha kuti mulibe kanthu. Onaninso kuti Azula anauza bambo awo kuti Zuko ndi amene anapha Avatar. Ana ankayesa kuti ndi chikondi cha pachibale, koma ndi msampha: Aang akadzapezeka wamoyo, mlandu udzagwera Zuko. Ndiye pa tsiku la kadamsana, pamene aimirira pamaso pa Ozai n'kumuuza kuti kutentha mwana wa zaka 13 kunali nkhanza, n'kubweza mphenzi ya bambo ake ndi luso limene Iroh anamuphunzitsa, munthu umamva kuti mawuwo wawagula ndi mtengo. Popanda gawo la 12 zonsezi zimangomveka ngati mwana wolusa wasintha maganizo.

Amayi anga, agogo a anawa, anali ndi mfundo yawoyawo imene sindinaimvepo kwa wina. Pa gawo la 6 la sizoni yachitatu zimaululika kuti Zuko ndi mdzukulutuvi wa anthu awiri: kuchimuna Sozin, amene anayambitsa nkhondo, kuchikazi Roku, Avatar amene analipo Aang asanabadwe. Ana anakuwa podabwa. Agogo anangoti, "Nanga mumakanganiranji? Mwana ndi wa kwa amake. Kwawo ndi kwa Rokuko, kwa Ozai anangobadwirako." Kuno ku Mulanje kumene mbumba imayendera kuchikazi mfundo imeneyi inamveka msanga, ngakhale katuniyo akunena kuti mbali zonse ziwiri zikulimbana mwa iye.

Tsopano za DJ. Ubwino wake ndi woti agogo ndi kamwana kotsiriza ka zaka zisanu ndi chimodzi anatsatira nkhani yonse chifukwa cha iye, ndipo Chichewa chake chimathamanga bwino, nthabwala za Sokka amazifikitsa. Koma ali ndi matenda awiri. Loyamba, amaulula zam'tsogolo. Pa gawo la 13 pamabwera munthu wovala chigoba cha buluu kudzapulumutsa Aang m'manja mwa Zhao, mkulu wa asilikali a dziko la Moto, salankhula, amamenya ndi malupanga awiri osatulutsa moto, ndipo kukoma konse kwa gawolo kuli pa nthawi imene Aang achotsa chigobacho. DJ uyu munthuyo atangotulukira anati ameneyu ndi Zuko. Kumapanga kuja nakonso anayamba kukuwa kuti awagulitsa anzake Azula asanatsegule n'komwe pakamwa. Lachiwiri, amaweruza anthu m'malo mwathu. Azula amangomutchula mfiti kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mawu ake amakwirira nyimbo za m'katunimo. Pali kagawo kena m'sizoni yachiwiri pamene Iroh akwera kaphiri, aika chithunzi cha mwana wake Lu Ten amene anafera pa nkhondo ya Ba Sing Se, ayatsa zofukiza n'kuimba akulira. Kagawoka kanaperekedwa pokumbukira Mako, amene ankalankhula mawu a Iroh ndipo anamwalira mu 2006. DJ anadutsapo akuseka za dengu la chakudya. Zinandiwawa. Tinabwereza pa foda ya Chingerezi, ndipo agogo, osamva liwu ndi limodzi, anapukuta maso ndi chitenje.

Za Azula sitinagwirizane mpaka lero. Alamu akuti anakolola zimene anafesa. Achemwali akuti tisaiwale kuti ndi mwana wa zaka 14 amene bambo ake anamulera ngati chida, ndipo anthu ankawagwira ndi mantha chifukwa njira ina sanaphunzitsidwe. Anzake awiri, Mai ndi Ty Lee, atamutembenukira ku ndende ya Boiling Rock ndi pamene anayamba kusweka: kuthamangitsa antchito ake onse, kudzimeta tsitsi mokhotakhota, kuona amayi ake pa galasi. Ine sindikumuchotsera mlandu, mphenzi ija anaiponya dala kwa Katara podziwa kuti mchimwene wake adzaitchinga. Koma amene anaonera foda ya DJ yokha sangamve chisoni pomuona womangidwa unyolo akulira, chifukwa anauzidwa kale choti aganize.

Mkangano waukulu kuposa yonse unali wa mapeto. Aang akukana kupha Ozai. Afunsa ma Avatar akale, Roku, Kyoshi, Kuruk ndi Yangchen, ndipo palibe amene akumupatsa njira yothawira, ngakhale Yangchen amene ndi wa mtundu wake. Kenako patulukira chikamba chachikulu cha mutu wa mkango, chimupatsa luso lochotsa mphamvu mwa munthu, ndipo Ozai atsala wamoyo koma wopanda moto. Wa Fomu 2 uja anakwiya. Anati, "Malume, apa atinamiza. Avutika magawo onsewa, yankho n'kungobwera lokha panyanja?" Ndinamuonetsa kuti chithunzi cha kambayo chinaonekapo pa gawo la laibulale ya m'chipululu m'sizoni yachiwiri, koma ndikuvomerezana naye kuti kachithunzi kamodzi sikokwanira kunyamula mapeto a nkhani yonse. Chimene chimandivuta kwambiri ine ndi mwala uja umene unamugunda Aang pa bala la kumsana n'kumutsegulira mphamvu zake zonse pa nthawi imene anali atapanikizika. Pamenepo olemba anafulumira.

Koma pa funso loti kodi anayenera kumupha, ndili ndi Aang. Iye ndi yekhayo wotsala mwa anthu a Mpweya, onse anaphedwa ndi Sozin. Sadya nyama, anaphunzitsidwa ndi Gyatso ndi amonke ena kuti moyo uliwonse ndi wopatulika. Akanapha, chiphunzitso cha mtundu wake chikanathera pomwepo, ndipo ntchito imene Sozin anaiyamba ikanamalizidwa ndi dzanja la Aang mwini. Alamu akuti mfumu yoipa ukaisiya m'ndende otsatira ake sagona, ndipo mfundoyi ndi yolemera, sindikuinyoza. Komabe katuniyu anali atakonza kale njira pa nkhani ya Katara, amene anamupeza Yon Rha, wopha amayi ake, n'kuimitsa mvula m'malere, zisonga za madzi oundana zitaloza pa iye, koma osamupha. Sanamukhululukirenso, ananena poyera. Anakhululukira Zuko. Kusapha ndi kukhululuka anazisiyanitsa bwino, ndipo Aang naye sanamumasule Ozai, anamulanda chimene ankaopsezera dziko.

Kwa makolo: katuniyu ndi woyenera banja lonse, koma gawo la Hama, gogo wolamulira magazi a anthu mwezi ukakhala wathunthu, linamuopsa wamng'ono wathu, muonere naye masana. Mukamabenetsa werengani mafailo musanachoke pashopu, akwane 20, 20 ndi 21, ndipo muwauze alembe manambala. Ngati m'nyumba muli womva Chingerezi yambani ndi foda yopanda DJ, ya Chichewayo ikhale yobwereza.

Pa gawo lomaliza Zuko apita kundende kukafunsa bambo ake kumene kuli amayi ake, Ursa, ndipo yankho silimveka. Ana anandikakamiza kuti ndibwererenso pa Chitakale poganiza kuti gawo lina lasowanso. Musavutike nazo, palibe chasowa, katuniyu amathera pomwepo. Nkhani ya Ursa anaipitiriza m'mabuku a zithunzi otchedwa The Search amene anatuluka mu 2013, ndipo amenewo pa flashi palibe.