Ka shopu koika mafilimu ku Kamuzu Road: ntchito ndi yabwino koma mfumu ija anaichepetsa

Loweruka lapitali ndinafika pa ka shopu kena ku Kamuzu Road kuno ku Salima, kaja amaika mafilimu ndi nyimbo pa fulashi ndi memore kadi. Ndimafuna The Lord of the Rings onse atatu kuti ana anga ndi a mlongo wanga aziwonera pa holide ino, poti ineyo mabuku ake ndinawerenga ndili ku sekondale ndipo mpaka lero sachoka mmutu.

Mnyamata wa pamenepo ntchito amaidziwa, zimenezo nzosabisa. Ndangotchula dzina la filimu basi wapeza kale pa kompyuta, ndipo asanaike chilichonse anayamba wachotsa kaye mavairasi mu fulashi yanga osandiwonjezera mtengo. Ali ndi sola ndi batire ndiye magetsi atathima ntchito sinaime ayi. Pikicha yoyera bwino, saundi yomveka. Chovuta ndi malowo, ndi opanikiza, benchi ndi imodzi yokha, ndiye ndi kutentha kwa Salima kuno plus sipika yomwe amaiika pakhomo ija munthu ukadikira mphindi 20 mutu umayamba kuwawa.

Anandifunsa kuti "madala, ndiike yachizungu kapena yomasulira?" ine ndinati ika zonse. Apa mpomwe pali dandaulo langa.

Yomasulira m'Chichewa ija ana anaikonda heavy, ngakhale agogo awo amatsatira nkhani mpaka kumapeto, ndipo chimenecho ndi chinthu chabwino kwambiri chifukwa popanda omasulirawa anthu ambiri mafilimu otere sangawamve. Koma womasulirayo Aragorn, uja amadzakhala mfumu kumapeto kwa nkhaniyi, anamusandutsa ndoda ya ndewu basi, akangosolola lupanga ndiye kukuwa, kumutama, koma pofika pomwe anthu akuyankhula modekha iye amangoikapo nthabwala zake kapena kuthamangitsa. Ana atamaliza ndinawafunsa kuti nchifukwa chani munthu uja anakhala mfumu, wamkulu uja akuti "chifukwa amamenya kuposa onse". Zinandipweteka mtima.

Chifukwatu J.R.R. Tolkien sanalembe zimenezo. Mu buku lachitatu, The Return of the King, lomwe linatuluka 1955, dziko la Gondor linali litakhala zaka pafupifupi 1,000 lopanda mfumu, likusungidwa ndi akapitawo ongogwirizira mpando, womaliza kulamulira ndi Denethor. Mwini mpando weniweni, Aragorn uja, mdzukulu wa ku mtundu wa mfumu yakale Isildur, anali akuyendayenda mtchire atavala zakutha, anthu a ku mudzi wa Bree akungomutcha Strider ndi kumuyang'ana mokayikira, koma iyeyo ndi anzake ndi amene amalondera midzi yawo usiku eni ake osadziwa. Munthu wa zaka 87, zaka zambirimbiri akutumikira popanda womuthokoza. Ndiye nkhondo ya pa Minas Tirith, likulu la Gondor, itatha, atapambana, sanalowe mumzinda ndi ng'oma kuti ndabwera mwini wake, anamanga msasa kunja kwa mpanda kuopa kuyambitsa mkangano wa ufumu nkhondo ili mkati. Analowa usiku mwakachetechete kupita kunyumba ya odwala, komwe mayi wina wachikulire Ioreth anakumbukira zonena za makolo zoti mfumu yeniyeni idzadziwika ndi manja ochiza. Anatenga masamba a athelas, omwe akatswiri a mankhwala a mumzindamo amawayesa zitsamba zachabechabe, nkuchiza Faramir, Éowyn ndi Merry omwe anavulala pa nkhondo, kenako anapitiriza kuchiza anthu wamba mpaka kutopa. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mfumu yabwera asanaione ndi chisoti kumutu komwe.

Ndipo tsiku lomulonga ufumu chisoticho sanadziveke yekha, anapempha anzake a pa ulendo, Frodo kuti abweretse, Gandalf ndiye amuveke, kuonetsa kuti mpandowu waufikira chifukwa cha thukuta la anthu ambiri. Ife a kuno izi sizachilendo, mfumu sidzilonga yokha, amakhala pansi ndi a mbumba nkusankha, ndipo akulu amati mfumu ndi kudzala, zinyalala zonse za mmudzi zimatayidwa kwa iyeyo. Kusiyana kwake nkoti kwa ife Achewa ufumu umatsata kuchikazi, mwana wa mlongo, pomwe wa Aragorn unatsata kuchimuna. Ana anadabwa nditawafotokozera zimenezo, makamaka a mlongo wanga aja, mafunso anali mbwee.

Mafumu a nkhani zamtunduwu amakhala choncho kuyambira kale, ngakhale King Arthur uja amakumbukika ndi lupanga la Excalibur inde, komanso ndi tebulo lozungulira lomwe linalibe mpando wa kumutu. Lupanga limangotsegula njira, mfumuyo imabwera kuti dziko losweka lilumikizikenso.

Lolemba ndinabwereranso pa shopu paja kukadandaula. Mnyamata uja sanakwiye, anandimvetsera mpaka ndamaliza, anati zomasulirazo sapanga iyeyo amangozilandira. Ndiye anandiuza chinthu chomwe chinandithandiza, kuti filimu yachitatu yachizungu yomwe anandiikira ndi yaifupi ija ya 2003 ya Peter Jackson, yomwe inawina ma Oscar 11, koma ali nayonso yaitali yopitirira maola anayi, ndipo mmenemo kagawo ka kunyumba ya odwala kalimo ngakhale ndi kakafupi, Aragorn akuchiza Éowyn. Anandiikira ulele poti ndinali nditalipira kale.

Ndiye amene mukufuna kupitako, pitani mmawa kusanatenthe, tengani fulashi yayikulu chifukwa yaitaliyo imadya malo, ndipo munene mwachindunji kuti mukufuna yaitaliyo, amati extended. Ife tikuonera pang'onopang'ono madzulo tikadya nsima, ine ndikumasulira ndekha, pofika pa manja ochiza paja ndinaimitsa kaye filimu nkuwauza za Ioreth ndi masamba aja.