Miyezi 11 ndi njinga yanga yothamangira: zomwe kupalasa pagulu kwandionetsa

Nditangogula njingayi ndinalemba mawu ochepa oiyamikira. Ndinati ndi yopepuka, imamvera pokhota, ndipo ndinalonjeza kudzalembanso ikadzalawa msewu mokwanira. Kwa amene simunawerenge: felemu yake ndi ya aluminiyamu, foloko ya kaboni, magiya a Shimano 105 okhala 11 kumbuyo, mabuleki a disc (ofinya kambale kachitsulo ka pakati pa wilo) oyendera mafuta. Tsopano yatha miyezi 11 ndipo kakompyuta ka pa handulo kakuonetsa makilomita opitirira 6,000. Pafupifupi theka la mtunda umenewu ndapalasa pagulu, Loweruka m'mawa, tili anthu 12 kapena 15. Kumeneko ndi komwe ndaidziwira bwino njingayi, chifukwa ukakhala wekha kavuto kakang'ono umangokapirira, koma pagulu kamaonekera nthawi yomweyo.

Pa felemu ndilibe chonena chambiri. Siinalirepo, siinapindike, utoto wangokalika pang'ono pomwe tcheni limamenya. Magiya nawonso akugwira monga tsiku loyamba. Waya wake ndinangoukunga kamodzi mwezi woyamba utatha, zomwe zimachitika pa njinga iliyonse yatsopano. Kutsogolo kuli magiya a mano 50 ndi 34, kumbuyo 11 mpaka 32, ndipo giya yofewetsetsayo yandipulumutsa pa zitunda zazitali pomwe anzanga a magiya olimba amaimirira n'kumalimbana ndi mapedulo ine nditakhala pa chishalo.

Nkhani yaikulu ili pa matayala. Njingayi inabwera ndi matayala a mamilimita 25, ndipo ndinkawapopa mpaka 100 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala) pokhulupirira kuti tayala lolimba ndiye lothamanga. Manja ankachita dzanzi ola lisanathe. Gulu likafika pa phula lokakala, njinga yanga inkanjanja, mpata pakati pa ine ndi wakutsogolo unkakula, ndipo ndinkatha mphamvu poutsekanso. Tsiku lina tikupuma, bambo wina wachikulire wa m'gulu mwathu anadina tayala langa ndi chala chachikulu, n'kupukusa mutu. Anandilangiza kuti nditsitse mpweya, ndipo ngati felemu ikulola ndiike matayala okulirapo. Ndinaika a mamilimita 28 ndipo pa thupi langa la makilogalamu 72 ndimapopa pakati pa 70 ndi 75 psi. Kusintha kwake ndinakumva sabata yomweyo. Chifukwa chake n'chosavuta: tayala lolimba kwambiri likagunda timiyala limadumpha, mphamvu n'kuthera pogwedeza njinga ndi thupi lako, pomwe lofewerapo limangomeza timabamputo n'kupitirira.

Pamodzi ndi zimenezi ndinasiya machubu n'kuyamba matayala othiramo madzi omata mkati. Ubwino wake ndinauona ndi maso. Tili pa liwiro, ndinamva kuti fyiii kumbuyo, timadontho toyera tinawazikira pa felemu ndi pa mwendo, tayala linazungulira kangapo, phokoso n'kutha. Kawaya kanali katabaya, bowo linatsekeka ndisanaime n'komwe. Koma madziwa amauma pakapita miyezi ingapo, ndipo ine ndinaiwala kuonjezera. Ulendo wotsatira tayala litabooka munalibe chomata. Ndinakhala pambali pa msewu mphindi 20 ndikuvutika kulowetsa chubu m'tayala lothina, anzanga onse akudikira thukuta likuwaumira m'thupi. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana madziwo miyezi itatu iliyonse, ndipo chubu ndi pampu sizichoka m'kachikwama ka pansi pa chishalo.

Cholakwa chomwe chinandipweteka mtima kwambiri ndi cha tcheni. Anthu timati tcheni latamuka, koma kwenikweni chitsulo sichitamuka; timapini ndi timawilo ta mkati ndi timene timadyeka, mpata pakati pa mfundo n'kukula. Pa njinga ya magiya 11, tcheni limayenera kusinthidwa likatalika ndi 0.5 peresenti, ndipo pali kachitsulo koyezera kongolowetsa pakati pa mfundo: kakalowa konse, ndiye kuti tcheni latha. Ine ndinalibe. Nditadutsa makilomita 4,500, tikukwera chitunda ndili pakati pa mzere, ndinaimirira kuti ndiponde mwamphamvu ndipo tcheni linalumpha mano. Njinga inabwerera m'mbuyo pang'ono, mnzanga wakumbuyo anatsala nyenyeswa kugunda tayala langa. Anazemba, palibe anagwa, koma ndinapalasa ulendo wonse wotsalawo mtima uli m'mwamba. Makaniko atayang'ana anapeza kuti tcheni lotha lija linali litadya kale mano a kumbuyo, choncho ndinasintha zonse ziwiri m'malo mwa chimodzi. Panopa ndikabwera ndimapukuta tcheni ndi kansanza, kudontheza oilo pa mfundo iliyonse, n'kupukutanso wotsala, ndipo ndimayeza kumapeto kwa mwezi.

Mabuleki ndi amphamvu, mwinanso kuposa momwe woyamba kumene pagulu amafunira. Ukakhala kumbuyo kwa mnzako, iye ndiye amang'amba mphepo, iwe n'kusungako mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zako. Koma kuti zitheke uyenera kukhala pafupi kwambiri ndi tayala lake, ndipo pamenepo kufinya buleki mwadzidzidzi kumasokoneza mzere wonse. Zinanditengera miyezi iwiri kuphunzira kungokhudza buleki ndi chala chimodzi, kapena kungodzutsa chifuwa kuti mphepo indichepetsere liwiro. Ndinaphunziranso kusalola tayala langa lakutsogolo kulowa m'mbali mwa tayala la mnzanga, kuloza maenje ndi dzanja kuti akumbuyo awaone, ndiponso kugwedeza chigongono ndikatopa kutsogolo kuti wotsatira atenge malo. Njingayi imayenda mowongoka ngakhale uchotse dzanja limodzi kuti uloze, ndipo khalidwe limeneli ndalikonda kuposa kupepuka kwake. Mapadi a mabuleki ndasintha kamodzi. Amalira akanyowa, akauma amasiya. Chofunika ndi kusalola oilo kugwera pa disc.

Mawilo omwe inabwera nawo ndi olemera ndithu, ndipo masipoko a kumbuyo anamasuka pa mwezi wachisanu. Atakungidwa sanavutenso. Chishalo ndinasintha chifukwa sichinkagwirizana ndi thupi langa. Bondo lakumanzere linkandiwawa pa maulendo opitirira makilomita 80, mpaka nditakweza chishalo mamilimita ochepa ndi kuika tizipulasitiki ta pansi pa nsapato tokolera ku pedulo, tachikasu ta mtundu wa SPD-SL, tomwe timalola phazi kusewera madigiri 6. Ululu unatha.

Wina atandifunsa ngati ndingaigulenso, yankho langa ndi inde. Anzanga ena akundikopa kuti ndigule mawilo a kaboni, koma sindinaone Loweruka lomwe gulu linandisiya chifukwa cha mawilo. Masiku omwe ndinatsalira anali a tayala lopopa mopitirira, madzi ouma ndi tcheni lotha. Kachitsulo koyezera kayamba kulowa pang'ono pa tcheni lachiwirili, ndipo latsopano ndagula kale, ndiliika Lachisanu madzulo.