Abbott, Finch kapena Ueno: woponya softball wamkulu ndi ndani?

Anzanga amene ndinawapatsira matenda oonera softball (masewero ofanana ndi baseball) pa YouTube sakundipatsa mtendere, akuti mwa azimayi oponya mpira aja dolo weniweni ndi ndani, ndiye ndiyankhe kamodzi tithane nazo.

Jennie Finch timuchotse kaye. Inde ku University of Arizona anawina magemu 60 motsatizana ndipo golide ya Olympics ya Athens 2004 ali nayo, koma ambiri mumamutchula chifukwa ndi dzina lokhalo lomwe munalimvapo pa TV. Timu ya America ya chaka chimenecho inali ndi Lisa Fernandez ndi Cat Osterman, inagoletsa ma run (zigoli za softball) 51 n'kugoletsedwa imodzi yokha mpikisano wonse, golide ngati imeneyo sungaiike pamutu pa munthu mmodzi.

Nkhani ili pa Monica Abbott wa ku America ndi Yukiko Ueno wa ku Japan.

Pa manambala Abbott sagwirika. Ku University of Tennessee kuyambira 2004 mpaka 2007 anawina magemu 189, ma strikeout (kutulutsa womenya atalephera kumenya mpira katatu) 2,440, zonsezi ndi marekodi a NCAA, bungwe la masewero a m'makoleji a ku America. Wamanzere, wamtali, mu 2012 mpira wake unayezedwa 77 mph, pafupifupi makilomita 124 pa ola, pomwe womenya waima mamita 13 okha. Kontrakiti ya $1 miliyoni ija yomwe timu ya ku America ya Scrap Yard Dawgs inamupatsa mu 2016 nayo musamaitame kwambiri, inali ya zaka 6 ndipo malipiro enieni anali $20,000 pa sizoni, zinazo ma bonasi odalira anthu obwera kudzaonera magemu.

Koma ku Olympics ali ndi siliva ziwiri, ndipo amene anamulanda golide maulendo onse awiri ndi munthu mmodzi yemweyo.

Beijing 2008. M'mawa Ueno akuponya semifainolo ndi America, gemu inakoka mpaka ma inning 9 (zigawo za gemu, nthawi zonse zimakhala 7), Japan n'kuluza 4-1. Wina akanati mkono watopa ndipume. Madzulo a tsiku lomwelo iye uyo wabweranso kukumana ndi Australia, gemu yoti ukaluza za golide uiwale, ndipo imeneyi inafika ma inning 12, yekhayekha mpaka anawina 4-3. Kutacha fainolo ndi America yomwe ija, yomwe inali itatenga golide mu 1996, 2000 ndi 2004, ma inning ena 7, Japan 3 America 1. Mukawerenga ndi ma inning 28, mipira 413 masiku awiri, mkono umodzi. Amereka anali ndi oponya oti azisinthana ngati mashifiti a alonda, Japan inangopachika zonse pa Ueno. Wina akamandiwerengera ma strikeout a ku koleji ine ndimangoganiza za tsiku limeneli.

Chomwe chimandiwawa mpaka pano, ndipo apa ndikumuyankhulira Abbott, n'choti mafainolo onse awiri makochi ake sanamuyambitse. Ku Beijing anayamba Osterman, ku Tokyo anayambanso Osterman, Abbott ankalowa zinthu zitavuta kale. Munthu woponya mpira wothamanga chonchija, amenenso pofika fainolo ya Tokyo anali atasewera zaka zambiri ku timu ya Toyota mu ligi ya Japan ndipo omenya awo amawadziwa bwino, mukumusungira chani pa benchi? Kuonjeza apo softball anaichotsa ku Olympics ya 2012 ndi 2016, zaka zomwe mkono wake unali pamoto zinangopita choncho. Koma zaka zomwezo Ueno nayenso anamubera, ndiye chifukwa chimenechi sichikupulumutsa aliyense.

Softball itabwerera ku Olympics ya Tokyo patatha zaka 13, pa fainolo ya ku Yokohama mu July 2021 Ueno anali ndi zaka 39, komanso mu 2019 mpira unali utamuthyola chibwano. Japan 2 America 0. Kamtsikana koponya ka timu yake, Miu Goto, kanamuthandiza mu inning ya 6, sindikana, koma ya 7 anabwerera yekha kudzatseka gemu. Ya Athens sindinaitchule n'komwe, kumene anaponya perfect game (gemu yomwe palibe womenya n'mmodzi yemwe anafika pa base) ndi China ali ndi zaka 22.

Ine ndili kwa Ueno ndipo sindisuntha. A Abbott mukhoza kukhala ndi marekodi a ku koleji aja, koma ya liwiro musaitchulenso, Karlyn Pickens wa ku Tennessee komweko anaiphwanya kale mu 2025.