Camino, Pacific Crest Trail kapena Te Araroa: ulendo wapansi wautali mukamaliza yunivesite

Mukangolemba mayeso omaliza mumapeza mpata umene mwina simudzaupezanso mpaka tsiku lopuma pa ntchito: miyezi ingapo popanda wokufunsani kuti Lolemba m'mawa munali kuti. Amene amafuna kuthera mpata umenewu pa ulendo wapansi kunja, chikwama chili kumsana, kawirikawiri amavutika kusankha pakati pa njira zitatu: Camino de Santiago ku Spain, Pacific Crest Trail ku United States ndi Te Araroa ku New Zealand. Pa zithunzi zonsezi n'zokongola, ndipo kukongolako sikungakuthandizeni kusankha. Ine ndimayamba ndi pasipoti imene muli nayo ndi mwezi umene mwamaliza sukulu, kenako ndimafunsa kuti njirayo idzakulangani motani tsiku limene mwalakwitsa, chifukwa woyamba kumene salephera kulakwitsa.

Camino ili ndi njira zingapo, koma yodziwika kwambiri ndi Camino Francés. Imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, m'munsi mwa mapiri a Pyrenees mbali ya France, n'kukathera ku Santiago de Compostela. Ndi makilomita pafupifupi 780, ndipo woyenda makilomita 20 kapena 25 patsiku amafika pakatha masabata asanu. Tsiku loyamba ndilo lowawa: makilomita pafupifupi 25 kukafika ku Roncesvalles, kukwera mamita oposa 1,200 miyendo isanazolowere katundu. Njira ya pamwamba pa phiri, Route Napoléon, amaitseka kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi chifukwa cha nyengo yoipa. Mukadutsa pamenepo mumangotsata mivi yachikasu yolembedwa pa miyala, pa makoma ndi pa mitengo, kudzera ku Pamplona, Logroño, Burgos ndi León. Midzi ili pafupipafupi moti chigawo chimene anthu amachenjezana kuti n'chachitali chopanda mudzi, kuchokera ku Carrión de los Condes kukafika ku Calzadilla de la Cueza, ndi makilomita 17 okha.

Kuyandikana kwa midziku ndi kumene kumapangitsa Camino kukhala yokhululuka. Simunyamula tenti, chophikira kapena kamba wa masiku ambiri. Nsapato zikakutulutsani matuza, famase ili m'tauni yotsatira. Bondo likatupa, mumakwera basi n'kukapuma masiku awiri, ulendo osathera pomwepo. Mumagona m'nyumba za apaulendo zotchedwa albergue, ndipo ndi bwino mudziwiretu mmene mumakhalira. Nsapato mumazisiya pa shelefu pakhomo. M'chipinda muli mabedi osanjikiza, anthu khumi, makumi awiri kapena kuposa. Ikamakwana 10 koloko usiku magetsi azima, wina kumtunda kwanu wayamba kale kuliza mkonono, ndipo kusanache mumadzutsidwa ndi kukhwekhwereza kwa mapepala apulasitiki ndi tochi za amene akufuna kukayamba kupeza bedi kutsogolo. Musanayale chogonera chanu, tembenuzani m'mphepete mwa matiresi muone ngati mulibe timadontho takuda ta nsikidzi. Zotsekera m'makutu musaziiwale.

Mumayenda ndi kabuku kopinda kotchedwa credencial, kamene amadindamo paliponse pamene mwagona kapena kudya. Kuti akupatseni satifiketi ya Compostela muyenera kuyenda pansi makilomita osachepera 100, ndipo m'makilomita 100 amenewo amafuna zidindo ziwiri patsiku. N'chifukwa chake anthu ambirimbiri amayambira ku Sarria, tauni imene ili pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 100 musanafike ku Santiago. Mu 2023 ofesi ya ku Santiago inalandira apaulendo oposa 440,000. Choncho ngati mukufuna kukhala nokha m'thengo, Camino Francés idzakukhumudwitsani, makamaka sabata yomaliza. Palinso msewu wa tala wambiri, ndipo chigwa cha Meseta, pakati pa Burgos ndi León, chimatentha kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti, mthunzi uli wosowa.

Pacific Crest Trail ndi nkhani ina. Imayambira pafupi ndi Campo, pa malire a Mexico, n'kudutsa California, Oregon ndi Washington mpaka pa malire a Canada, makilomita pafupifupi 4,265. Ambiri amaiyenda miyezi isanu. Makilomita 1,100 oyambirira ndi dera louma la kummwera kwa California, kumene tsiku lililonse mumawerengera kuti madzi otsatira ali pati ndipo munyamule malita angati. Mukafika ku Kennedy Meadows mumalowa m'mapiri a Sierra Nevada. Kumeneko kuli Forester Pass, malo okwera kwambiri pa njira yonse, mamita oposa 4,000, ndipo chaka chimene chipale chofewa chagwa kwambiri mumafunika nkhwangwa ya pa ayezi ndi luso loigwiritsa ntchito. M'madera ena a mapiriwa lamulo limafuna kuti chakudya chikhale m'chigubu cholimba chimene chimbalangondo sichingatsegule, ndipo chigubucho chimalemera. Kamba mumanyamula wa masiku anayi, asanu, nthawi zina sabata. Akatha mumatsika kukafuna msewu, kupempha matola kupita m'tauni, kugula kapena kukatenga katoni imene munadzitumizira ku positi ofesi.

Njira imeneyi imakupanikizani ndi nthawi mbali zonse ziwiri. Mukafulumira, mukapeza Sierra itakutidwabe ndi chipale, mitsinje itasefukira. Mukachedwa, chipululu chikuwotchani ndipo chipale chatsopano chikakupezani ku Washington chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala. Ndiye ambiri amanyamuka mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. Chilolezo cha ulendo wautali chimaperekedwa ndi bungwe la Pacific Crest Trail Association, ndipo m'nyengo yoyambira amalola anthu 50 okha patsiku kunyamukira ku malire a kummwera. Chilolezocho chimakhala ndi tsiku lanu lonyamuka, ndipo chimatuluka miyezi ingapo ulendo usanafike. Onjezanipo moto wolusa wa m'nkhalango, umene zaka zambiri umatsekereza zigawo zina za njirayi, oyenda n'kumazungulira pa galimoto.

Tsopano ikani njira ziwirizi pambali pa pasipoti yanu, chifukwa maulendo ambiri amafera pamenepa. France ndi Spain zili m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kumene mlendo amaloledwa masiku 90 mkati mwa masiku 180 aliwonse. Camino Francés imakwanamo bwinobwino, n'kutsalanso masiku opitirira kukaona nyanja ku Finisterre, makilomita ena pafupifupi 90. Ngati pasipoti yanu imafuna viza, mumakapempha ku ofesi ya dziko limene mukakhalemo masiku ambiri, kutanthauza Spain, ngakhale ulendo ukuyambira ku France. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa ndalama ndi umboni woti mudzabwerera. Mukhoza kupereka pempho kutatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Ku United States n'kovuta kwambiri kwa munthu amene wangomaliza sukulu. Ngakhale a mayiko olowa ndi ESTA, chilolezo cholowera popanda viza, amangopatsidwa masiku 90, osakwanira ulendo wa miyezi isanu, choncho pafupifupi mlendo aliyense amafunika viza ya alendo yotchedwa B-2. Lamulo la dzikolo limamutenga wopempha aliyense ngati wofuna kukakhazikika, mpaka iye mwini atasonyeza zimene zingamubweze kwawo. Inu ntchito mulibe, nyumba mulibe, sukulu yatha, ndipo mukupempha theka la chaka. Akakukanani, ndalama yofunsira viza sabweza. Sindikunena kuti n'zosatheka, ayi. Kalata yakuti mudzayamba ntchito kapena digiri yachiwiri mwezi wakutiwakuti imathandiza. Koma musagule tenti, chogonera cha m'chisanu ndi tikiti ya ndege viza isanatuluke. Za Appalachian Trail, ya makilomita pafupifupi 3,500 kuchokera ku Georgia kukafika ku Maine, sindichulukitsa: matauni ali pafupi, madzi savuta, koma khomo lolowera ndi lomwelo la B-2.

Te Araroa ndi yaing'ono msinkhu pa zonsezi, inatsegulidwa mu 2011. Ndi makilomita pafupifupi 3,000 kuchokera ku Cape Reinga kumpoto mpaka ku Bluff kummwera, miyezi inayi kapena isanu. Ubwino wake woyamba ndi wa kalendala. Popeza ili kummwera kwa dziko lapansi, anthu amanyamuka cha mu Okutobala kapena Novembala n'kumaliza cha mu Malichi kapena Epulo. Amene wamaliza sukulu pakati pa chaka waphonya kale nyengo imene ambiri amanyamuka pa Pacific Crest Trail chaka chimenecho, koma ali ndi miyezi itatu kapena inayi yogwira ganyu, kusunga ndalama ndi kuzoloweretsa miyendo asanakwere ndege ya ku Auckland. Kulibe zimbalangondo, kulibe njoka. Boma, kudzera mu Department of Conservation, limasamalira timanyumba ta m'thengo toposa 900, ndipo tina mwa timeneti tili pa njirayi. Pofika pa bwalo la ndege amafuna kuti muulule tenti ndi nsapato zoyendera m'thengo, ndipo amaziyang'ana ngati zili ndi dothi kapena njere. Zitsukeni musanazilongedze.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi yofatsa. Ku North Island, chilumba cha kumpoto cha dzikoli, mumayamba ndi masiku angapo pa mchenga wa Ninety Mile Beach, kenako nkhalango zamatope ofika m'mawondo, kenako misewu ya galimoto yaitali imene imatopetsa mtima. Chigawo cha mtsinje wa Whanganui ambiri amachiyenda pa bwato. Ku South Island, chilumba cha kummwera, ndi kumene kuli kukongola kwenikweni, mapiri a Richmond ndi Waiau Pass, komanso ndi kumene kuli ngozi imene ine ndimaiopa kuposa chipale cha ku Sierra: mitsinje yopanda milatho. Mtsinje umene m'mawa unali wa m'akakolo ukhoza kufika m'chiuno madzulo mvula ikagwa kumapiri, ndipo anthu amamira akamakakamira kuwoloka. Mitsinje ya Rakaia ndi Rangitata siiwerengedwa n'komwe ngati mbali ya njira, amakuuzani kuti muizungulire pa galimoto. Pa mitsinje inayo luso lofunika ndi kudekha, kukhala m'kanyumba tsiku limodzi kapena awiri mpaka madzi ataphwa, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha mutanyamula kamba wapadera. Munthu amene akuwerenga masiku a viza ndi ndalama zotsala m'thumba ndi amene amayesedwa kuwoloka pamene sayenera.

Pa ndalama anthu amalakwitsa poyerekeza za tsiku limodzi. Usiku wa mu tenti ndi waulere pamene wa mu albergue ngolipira, ndiye zimaoneka ngati m'thengo n'motchipa. Koma Camino ndi masabata asanu, zinazi ndi miyezi isanu osalandira kalikonse. Muyenera kugula tenti yopepuka, chogonera chofunda ndi chosefera madzi, ndipo nsapato zimatha mapeyala angapo njira isanathe. Masiku opumira m'tauni, munthu wanjala ya sabata yonse atakhala mu lesitilanti, ndi amene amameza ndalama. Pa Camino ambiri amayesetsa kuti chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lawo. Pa zinazo, mukaikamo kamba ndi madzi, chimapitirira kutali, ndipo mawondo amamva.

Ngati simunagonepo m'thengo sabata yathunthu, ine ndinganene Camino mosazengereza, mu Meyi, Juni kapena Seputembala. Ngati khamu la ku Sarria likukubowani, tengani Camino del Norte yoyambira ku Irún, imene imatsata gombe la kumpoto ndipo ili ndi zitunda zambiri koma anthu ochepa. Ngati munayendapo kale m'mapiri, mumatha kuwerenga mapu ndipo mtima ukufuna thengo lenileni, yendani South Island yokha ya Te Araroa, makilomita pafupifupi 1,300 kuyambira ku Ship Cove, ndipo mupeze kaye wokuphunzitsani kuwoloka mitsinje. Pacific Crest Trail ndingaisiyire amene ali ndi zitatu zonse m'manja chaka chisanathe: viza, chilolezo chokhala ndi tsiku labwino, ndi ndalama za miyezi isanu kuphatikizapo tikiti yobwerera.