Mulanje kapena Nyika: gulu lathu lipite kuti masiku atatu?

Funso ili limabwera chaka chilichonse mvula ikangokata, anthu akayamba kusonkha ndalama za ulendo. Ine ndimayankha ndi funso linzake: pagulu panupo, wofooka kwambiri ndi ndani? Munthu ameneyo ndiye ayenera kusankhitsa phiri.

Ku Mulanje kufika n'kosavuta. Minibasi yochokera ku Limbe imakutulani pa Chitakale, kabaza n'kukufikitsani ku Likhubula, kumene mumalembetsa ndi kupeza wolondolera njira komanso anyamata onyamula katundu. Chimene chimapeputsa ulendo ndi nyumba zogona zomwe zili pamwamba: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu. Mumapezamo mlonda, nkhuni ndi malo osonkhapo moto, ndipo madzi ali pafupi. Tenti simufunika. Munyamule ufa, nyemba, usipa, mafuta, shuga, bulangete lokhuthala kapena sleeping bag, basi.

Koma tsiku loyamba Mulanje sachita nthabwala. Kuchoka ku Likhubula kupita ku Chambe kudzera njira ya Skyline ndi chitunda chokhachokha, ndipo amene sanazolowere ntchafu zimamuwotcha asanafike theka. Potsika ndiye mawondo amalira. Ubwino wake ndi uwu: gulu likhoza kugawikana popanda wina kutayika. Mukagona ku Chisepo, amphamvu amalawirira mbandakucha kupita pa Sapitwa, nsonga yayitali kuposa zonse ya phirili, pamtunda wa mamita 3,002, kukwawa pamiyala ndi kulowa m'mipata yopanikiza. Otopa amatsala akuwotha moto, kuphika tiyi ndi kudikira anzawo. Wina akadwala, njira zotsikira zilipo zingapo, kuphatikizapo ya ku Fort Lister mbali ya Phalombe.

Ndichenjeze za nkhungu. Chiperoni ikabwera m'miyezi yozizira, mnzako amene ali patsogolo pang'ono sumuonanso, miyala n'kuyamba kuterera. Anthu anasowapo pa Sapitwa, ena osapezekanso. Wolondolera akati lero sitikwera, mumvereni. Akakuuzani za mizimu ya m'phirimo musaseke. Kwa anthu a m'munsi mwake malowa ndi olemekezeka, ndipo n'chifukwa cha chikhalidwe chomwecho UNESCO inaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Chimene chimandiwawa ndikamadutsa ku Chambe ndi zitsa za mkungudza. Mtengo wafuko lathu uja unatha ndi macheka, tsopano otsala ndi mbande zimene anthu akuyesa kubzalanso.

Nyika ndi dziko lina. Ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, yokhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamwamba pake ndi timapiri taudzu toyalana mpaka kumene maso alekezera. Ulendo wodziwika ndi wochoka ku Chelinda, malo ogona alendo a m'pakiyi, kukathera ku Livingstonia, masiku atatu, kugona kawiri m'tchire. Miyendo sivutika ngati ku Mulanje mpaka tsiku lotsika. Mukuyenda mbidzi zikukuyang'anani, ntchefu ndi chilembwe zikudya chapatali, zinthu zimene ku Mulanje simudzaziona. Mathero akenso ndi okoma: mishoni imene Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe mu 1894, nyumba yamiyala ya Stone House imene iye ankakhalamo, mathithi a Manchewe, kenako msewu wa Gorodi wokhotakhota mpaka ku Chitimba kukasamba m'nyanja.

Mtengo wake ndiye umaluma. Kuchoka pa Rumphi kudzera pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100, ambiri mwa iwo msewu wafumbi, ndipo pamafunika galimoto yolimba. Popeza mumathera kwina, galimotoyo iyenera kuzungulira kukakutengani, mafuta kawiri. Pali ndalama zolowera m'paki, ndipo simuyenda popanda mlonda wa paki wonyamula mfuti. Matenti, mapoto, chakudya chonse, zili pamsana. M'mwezi wa June ndi July udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndipo tenti yotchipa ya pamsika siiteteza munthu.

Chachikulu kwa ine ndi ichi: pa Nyika mukanyamuka, mwanyamuka nonse. Palibe nyumba yosiyako wotopa. Wina akabinya phazi tsiku lachiwiri, gulu lonse limayenda pa liwiro lake, ndipo thandizo lili kutali.

Choncho gulu la anthu a kuofesi, la achinyamata a kumpingo kapena la anzanu amene simunayendepo nawo, pitani ku Mulanje pakati pa May ndi September, mugone Chambe kenako Chisepo. Nyika isungireni anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene munagonapo nawo kale m'phiri, odziwana mayendedwe, okhala ndi matenti awoawo. Ndipo onyamula katundu muwawerengere pa chakudya pogula ufa, chifukwa magulu ambiri amaiwala zimenezi mpaka poto atakhala pamoto.